Bambo wina ku Joni akuti R28,000 ndi miyezi itatu basi pemanenti ituluka. Loya weniweni amatero?

NyaChibavi:

Moni nonse muno. Ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndimagulitsa mpunga wa kilombero ndi nyemba mumsika waukulu. Nkhaniyi ndi ya mlongo wanga wamng'ono amene ali ku Joni, koma yafika pakhomo panga chifukwa yakhudza puloti. Ndikupempha amene anadutsamo njira imeneyi andiyankhe, osati ongomva za m'basi.

Mnyamatayu anapita mu 2014. Ndi wowotcherera zitsulo, amapanga mageti ndi mabagala pa kampani ina yaing'ono ku Germiston. Anapeza mkazi wa konko, kwawo ndi ku Limpopo, mlamu wabwino ndithu, anabwerapo kuno ndipo kondowole anadya osakwinya nkhope. Malowolo anapereka mu 2018, amalume athu anachita kukwera basi kukaimira banja lathu. Koma ukwati wa kuboma anakasainira mu Novembala 2021. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi wobadwa mu 2020. Pakali pano akukhalira pemiti ya ukwati ija imalola kugwira ntchito, ndipo ikutha mu Seputembala chaka chino cha 2025.

Watopa ndi zomangowonjezera pemiti. Akuti ikatsala pang'ono kutha, kubanki amayamba kumutumizira mauthenga oti atseka akaunti, bwana wake nayenso amayamba kumuyang'ana ndi diso lina, ndipo ngongole ya nyumba samupatsa. Ndiye akufuna pemanenti, chilolezo chokhaliratu.

Mnzake wa kutchalitchi anamupatsa nambala ya bambo wina amene akuti ndi loya wa nkhani za mapepala. Kuofesi kwake sanafikeko. Anakumana pamalo ena odyera m'tauni, zotsalazo ndi za pa WhatsApp. Bamboyo akuti R28,000, theka lero, theka pemanenti ikatuluka, ndipo ituluka m'miyezi itatu. Mlongo wanga atanena kuti setifiketi ya ukwati ndi ya 2021, anamuyankha kuti, "Usadandaule, deti timakonza, ndili ndi anthu mkatimo." Ndalamazo akuti zilowe mu akaunti ya dzina lake iye mwini.

Mlongo wanga wasunga R9,000 yokha. Ndiye wandiimbira kuti tigulitse puloti imene malemu bambo athu anatisiyira ku Dunduzu, ya maziko kale, kuti gawo lake litumizidwe. Amayi ali ku Ekwendeni ndipo sindinawauze, akangomva za puloti BP ikwera. Komanso mukudziwa mmene zinthu zilili kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: ugulitse malo pa makwacha, ukasake marandi pa mtengo wa mumsewu, ndalama zambiri zathera panjira zisanafike n'komwe.

Kodi pa nkhani ngati imeneyi loya ndi wofunikadi, kapena munthu atha kuyenda yekha? Ngati ndi wofunika, weniweni timamudziwa bwanji, makamaka ine amene ndili kuno ndipo zonse ndimangomva pa foni? Nanga mtengowu ndi woona? Sindikufuna kumutsekera mwayi mwana wa mayi anga, koma mtima wanga sukukhazikika.

Wa ku Embangweni ali Kempton Park:

Achemwali, yewo chomene pofunsa musanagulitse. Puloti isiyeni kaye. Ine ndili kuno kuyambira 2009 ndipo pemanenti ndinaipeza kudzera mwa akazi anga, njira yomweyo imene mlongo wanu akufuna.

Lamulo lake ndi Immigration Act ya 2002. Gawo 26(b) limati munthu amene wakhala pabanja ndi nzika ya South Africa, kapena ndi munthu wa pemanenti, kwa zaka zisanu, atha kupempha chilolezo chokhaliratu, bola aboma akhutire kuti banjalo ndi lenileni. Zaka zisanuzo zili m'lamulo, loya sazichepetsa. Novembala 2021 mukawonjezera zisanu mufika Novembala 2026. Ndiye munthu akamati "deti timakonza" akunena chimodzi mwa ziwiri: apanga setifiketi ya ukwati yabodza, kapena akupatsani pepala la pemanenti limene mu kompyuta ya boma mulibe.

Zikaululika, wolira sakhala iyeyo. Gawo 29 la lamulo lomwelo limati aliyense wopezeka ndi pemiti, pasipoti kapena ID yachinyengo ndi munthu woletsedwa m'dziko lino. Kuti dzina lichoke pamenepo umayenera kulembera Director-General, mkulu wa Home Affairs (unduna woona za mapepala a anthu kuno), kufotokoza kuti sunadziwe, ndipo apo ndiye maloya amadya ndalama zenizeni. Mlongo wanu pano ndi munthu wa mapepala abwino, ali ndi mkazi, mwana ndi ntchito. Akufuna alipire R28,000 kuti aike zonsezo pa chiswe.

Za miyezi itatu ndiseke chabe. A Home Affairs eni ake anadziikira malire a miyezi isanu ndi itatu pa mapemanenti a anthu a luso losowa, a bizinesi ndi a pemiti ya ntchito. Za maukwati sizili pa mzere wothamangawo. Leon Schreiber atakhala nduna ya Home Affairs mu Julayi 2024 anapeza mafomu oposa 300,000 a mavisa ndi mapemiti ali mulu, ena a zaka zambiri. Muluwo unaphwanyidwa ndithu, komabe munthu woona mtima sangakulonjezeni tsiku.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si pemanenti ayi, ndi Seputembala ameneyo. Fomu yowonjezera pemiti imayenera kulowa kukadali masiku 60 kapena kuposerapo isanathe. Ndiye mlongo wanu ali ndi mpaka Julayi, ndipo tili kale mu Meyi. Pemiti ikamuthera m'manja n'kutuluka m'dziko muno, amamuletsa kubwerera: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapyola kuposa apo. Ngakhale tsiku limene adzapereke fomu ya pemanenti, pemiti ya ukwatiyo ayenera kumaiwonjezerabe mpaka yankho lituluke. Risiti ya pemanenti si pemiti. Ambiri amagwera apa. R9,000 ijayo ntchito yake ndi imeneyi.

Tsopano kudziwa loya weniweni. Maloya onse kuno ali m'kaundula wa Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya, ndipo pa tsamba lawo la pa intaneti mutha kulemba dzina la munthu n'kuona ngati alimo. Inunso muli ku Mzuzu komweko mutha kutero pa foni. Loya wolandira ndalama za anthu amakhala ndi Fidelity Fund Certificate ya chaka chimenecho, pepala lomuloleza kutero, ndipo ndalama zanu zimalowa mu trust account ya ofesi, akaunti yosungiramo ndalama za makasitomala, osati mu akaunti yake yogulira buledi. Amakupatsani kalata ya mgwirizano yonena ntchito imene agwire ndi mtengo wake, ndi risiti pa chilichonse. Palinso anthu otchedwa ma consultant. Ena ndi akhama ndipo mafomu amawadziwa, koma kuyambira 2014 gawo la lamulo limene linkawalembetsa kuboma linachotsedwa, ndiye aliyense atha kusindikiza khadi n'kudzitcha choncho. Akakuthawitsirani ndalama mulibe bungwe lokadandaulako, ndi kupolisi basi.

Mudziwenso kuti kuyambira 2014 yomweyo mafomu amaperekedwa ku VFS Global, kampani yolandira mafomu m'malo mwa Home Affairs, ndipo mwini wake amapita yekha kukajambulidwa ndi kudinda zala. Wokuuzani kuti "khalani kunyumba ndikubweretserani" ndi wabodza. Chaka chino cha 2025 ndalama ya VFS ndi R1,550 pa fomu, ya boma pa pemanenti ndi R1,520 koma okwatira nzika saipereka. Mitengo imasintha, aone pa tsamba la VFS, koma mutha kuona nokha kutalika kwake ndi R28,000.

Loya wanga anali mayi wina wa ofesi yaing'ono ku Edenvale. Tsiku loyamba ndinalipira ola limodzi lokha la uphungu. Anandiuza kuti ndibwere ndi mapasipoti onse, wakale ndi watsopano. Anawayala patebulo n'kumatsegula tsamba ndi tsamba, chidindo chilichonse cha pa Beitbridge akulemba deti yake papepala ndi pensulo, kufuna kuona ngati panali nthawi imene ndinakhala masiku atatha. Atamaliza anavula magalasi n'kunena kuti, "Bambo, zaka zanu sizinakwane. Musandipatse ndalama ina lero. Pitani mukasonkhanitse izi, mudzabwere chaka chamawa." Pamndandanda wake panali kalata ya lendi ya mayina athu tonse awiri, masitetimenti a kubanki osonyeza kuti timathandizana, masetifiketi a kubadwa a ana, zithunzi za zaka zosiyanasiyana ndi kalata yolumbira ya akazi anga. Ine ndinamukhulupirira tsiku limenelo, chifukwa anakana ndalama zanga.

Funso limodzi achemwali: kuyambira 2014 mpaka 2021 mlongo wanu ankakhalira pepala lanji?

Transipota wa Mzimba:

Mayi, ine za malamulo sindinaphunzire koma Beitbridge ndimaidziwa usana ndi usiku. Bambo wanuyo ndi dobadoba wovala taye, basi.

Ulendo wina ndinanyamula mnyamata wa cha ku Euthini akubwera ku maliro a bambo ake. M'njira monse amatigayira za pemanenti yake, pepala lokongola lokhala ndi chizindikiro cha boma, alisunga mu pulasitiki. Anati anagula kwa munthu wa mkati. Titafika pa kauntala ofisala anayang'ana mu kompyuta, anayang'ana mnyamatayo, n'kuitana mnzake. Anamulowetsa kuchipinda cha kumbuyo. Tinadikira mpaka okwera ena anayamba kulalata, kenako tinanyamuka ndi furiji yake ndi njinga pa ngolo, mwini wake atatsala. Katunduyo ndinakasiya kwa amayi ake, maliro anaikidwa iye kulibe.

Koma ine ndisiyane pang'ono ndi akulu a ku Embangweni. Loya aliyense, wabodza kapena weniweni, ndi kutaya ndalama ngati mapepala ako ali bwino. Ndaona anthu ambiri alemba okha fomu pa intaneti, kubukitsa tsiku ku VFS, kupita ndi fayilo yawo, pemiti n'kutuluka. Mndandanda wa zofunika uli pa tsamba lawo poyera. Loya alibe khomo lake lolowera, fayilo yake imakaima pamzere womwewo.

Chinanso, wina akamunyengerera kuti atenge kaye pepala la asailamu, akane. Limenelo ndi la othawa nkhondo ndi nkhanza, silikufikitsa ku pemanenti pokhapokha atakuvomereza kuti ndiwe wothawadi, ndiponso kuyambira 2020 umadikira zaka khumi. Kwanu sungabwerenso ngakhale ku maliro. Ife a ku Malawi tikuthawa chiyani, mtengo wa feteleza?

Kalaliki wa maloya ku Mzuzu:

Mayi a ku Chibavi, ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya maloya kuno m'tauni. Si ine loya, ndine wotaipa ndi wonyamula mafayilo kupita nawo kukhoti, koma anthu a nkhani ngati yanu amafika pa desiki yanga kawirikawiri. Ndiyambe ndi ichi: loya wa kuno sangamuimire mlongo wanu ku South Africa. Laisensi yake ndi yogwirira ntchito m'Malawi muno. Wina kuno akakuuzani kuti mumupatse ndalama akakonza za ku Joni, tulukani. Chimene loya wa kuno angachite ndi kulumbiritsa anthu, kutsimikiza makope ndi kukonza mapepala a kumudzi. Apo ndi pamene inu mungathandize osagulitsa kanthu.

Choyamba ndi setifiketi ya kubadwa. Pa pemanenti imafunika, ndipo akuluakulu ambiri kuno alibe, chifukwa kulembetsa ana onse mokakamiza kunayamba mu 2015. Imapezeka ku NRB, amene anatijambula ziphaso za unzika mu 2017. Pitani ku ofesi yawo mukafunse fomu yolembetsa munthu wamkulu, mutenge ID ya amayi anu ndi umboni uliwonse wa kumene anabadwira, kaya khadi la kuchipatala, kaya la ubatizo. Yambani pano, musadikire 2026.

Musanalembe chilichonse, ikani mapepala ake onse pamphasa muwayerekeze: pasipoti, ID, setifiketi ya MANEB, khadi la ubatizo, setifiketi ya ukwati. Dzina lifanane chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa chimodzimodzi. Kuno kumpoto vuto limeneli ndi la tsiku ndi tsiku. Pena palembedwa Ng'oma pena Ngoma, pena Mhone pena Muhone, pena dzina la agogo lalowa pakati pena mulibe. Ife tikaona timadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Ofisala wa ku Pretoria amaona anthu awiri. Setifiketi ya kubadwa itsatire zimene zili pa pasipoti, chifukwa mbiri yake yonse kunjako ili pa pasipotiyo. Pakakhala kusiyana, amayi anu atha kulumbira pamaso pa majisitireti kapena loya kufotokoza chimene chinachitika.

Kalata ya kupolisi musaithamangire. Imafuna zala za mwini wake, inu simungamudindire, ndipo imakonzedwa ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Kunjako salandira yopitirira miyezi isanu ndi umodzi chiilembereni, ndiye mukaitenga lero pofika chaka chamawa idzakhala pepala lokulungira usipa. Komanso kuyambira 2023 a South Africa anafewetsa, amafuna ya mayiko amene munthu wakhalamo chaka chathunthu m'zaka zisanu zapitazi. Mlongo wanu ngati wakhala konko nthawi yonseyi, mwina ya kuno siifunika n'komwe. Afunse kaye.

Mapepala ena amafuna chidindo chotsimikiza kuti agwire ntchito kunja, cha apostille. Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la ku Hague la 1961 la zimenezi. Loya wa konko alembe pa kalata mapepala amene akufuna adindidwe, kuti musamayende ulendo wa ku Lilongwe kawiri.

Potumiza, jambulani chilichonse pa foni ndipo musunge makope kunyumba. Pepala lenileni lipite ndi kampani yonyamula makalata yopereka nambala yolondolera. A transipota ndikhululukireni, koma setifiketi isakhale m'thumba limodzi ndi ufa ndi matemba.

NyaChibavi:

Yewo nonse, ndawerenga kawiri konse. Ndinamutumizira mlongo wanga zimene mwalemba a ku Embangweni, ndipo ndinamuuza kuti afunse bamboyo dzina lake lonse, adiresi ya ofesi ndi pepala lija la Fidelity. Anatumiza chithunzi cha khadi lake lokhala ndi sikelo ya chilungamo pakona. Titabwereza za pepalalo anatumiza mawu ojambula, wakwiya, akuti iye si mwana woti azifunsidwa, anthu akumudikira pamzere, ngati theka silifika Lachisanu malo apereka kwa wina. Mwana wanga wa ku Mzuni analemba dzinalo pa tsamba la Legal Practice Council, mwa njira zonse zimene lingalembedwere. Mulibe.

Ine ndine wa mpunga. Wondigulitsa ku Karonga akakana kuti ndipise dzanja mpaka pansi pa thumba, ndimadziwa kuti pansipo pali wosweka. Mlongo wanga anayamba wanyanyala, akuti ndikumuchedwetsa ndipo ine za ku Joni sindizidziwa. Za Julayi ndi zimene zamuziziritsa. Iye ankaganiza kuti akangopereka za pemanenti, za Seputembala zatha.

Funso lanu lija, a ku Embangweni: zaka zoyambazo ankakhalira masiku 30 amene amatipatsa pa boda, akatsala pang'ono kutha n'kutuluka kukadinda. Akulumbira kuti sanapyolepo, ine kunalibe. Pemiti yoyamba anaipeza atasaina ukwati.

A kalaliki, mwalasa. Ndakatenga mapepala m'sutikesi ya malemu bambo. Khadi la ubatizo la CCAP likuti 1989, pasipoti ikuti 1990, mwezi ndi tsiku n'zofanana. Amayi akuti anabadwa chaka chimene Papa anabwera ku Malawi, ndiye kuti ndi 1989. Chaka chinasintha polembetsa mayeso a Sitandade 8.

Koma ndili ndi funso lina limene landisowetsa tulo. Kwathu kuno munthu akalowola, ukwati wayamba. Malowolo anali a 2018, mabanja onse awiri analipo, ng'ombe zinawerengedwa pa marandi. Kodi zaka zisanuzo sangaziwerenge kuyambira pamenepo? Zikatero ndiye kuti zinakwana kale mu 2023. Nanga mwana uja, amene ndi nzika ya konko, sangawathandize bambo ake?

Wa ku Embangweni ali Kempton Park:

Achemwali, funso limeneli ndi limene munthu amalipirira loya. A transipota akunena zoona kuti loya alibe mzere wake, ndipo kuwonjezera pemiti ya ukwati mlongo wanu atha kuchita yekha ngati anachitapo kale. Koma nkhani yake yasiya kukhala yongodzaza fomu. Muli madeti awiri a ukwati, zaka ziwiri zobadwa ndi zidindo za zaka zisanu ndi ziwiri zoti wina aziwerenge modekha.

Kuno kuli lamulo la 1998, Recognition of Customary Marriages Act, limene limavomereza ukwati wa chikhalidwe ngati ukwati weniweni, ndipo limanena kuti kusaulembetsa sikuuthetsa. Ndiye maganizo anu si a kumudzi ayi, ali ndi maziko. Vuto ndi umboni. Ofisala amayang'ana deti ya pa setifiketi imene ili patsogolo pake, ndipo imeneyo ikuti 2021. Kuti awerenge kuyambira 2018 pafunika kusonyeza kuti mwambo unachitika wonse monga mwa chikhalidwe cha kwa mkaziyo, osati kungopereka ndalama. Mabanja a kuno pa malowolo amalemba kalata, nthumwi za mbali zonse n'kusaina. Kafunseni amalume anu ngati anabwera ndi kope. Mukaipeza, ijambuleni, ndipo amalumewo adzalumbire kwa maloya ku Mzuzu komweko akadali ndi mphamvu.

Maganizo anga, ndipo ndi anga chabe: ngakhale kalatayo ipezeke, mwina kudikira Novembala 2026 n'kotchipa. Fomu ikakanidwa chifukwa cha deti, umakhala ndi masiku khumi ogwira ntchito ochitira apilo kwa Director-General, ikakanikanso masiku ena khumi kwa nduna, ndipo ma apilowo atha kudya nthawi yoposa imene ukanadikira. Koma loya ataona mapepala atha kunena zina, mumvereni iyeyo.

Za mwana, njira iliko pa gawo 27(g), la achibale apafupi a nzika, koma ili ndi zokhota zake pamene mwanayo ali wamng'ono. Chimene ndikufuna mudziwe ndi chigamulo cha Constitutional Court cha Disembala 2023 pa mlandu wa Rayment. Kale banja likatha, pemiti ya ukwati inkafera pomwepo, bambo kapena mayi wachilendo n'kusiya ntchito ndi ana. Khoti linati kholo limene likusamalira mwana amene ndi nzika lisathamangitsidwe choncho, lipatsidwe mpata wopempha kukhala ndi kugwira ntchito. Sindikuwalosera zoipa alamu anu, koma ndi bwino kudziwa. Pemanenti ya ukwati nayonso imafa banja likatha pasanathe zaka ziwiri chiitulutsireni, kupatula ngati ndi imfa.

Pokambirana mtengo asavomere mtolo umodzi. Alipire kaye uphungu wa ola limodzi ndipo apemphe kuti malangizowo alembedwe. Akakhutira, agwirizane mtengo wokonza fayilo ya pemanenti payokha, apilo payokha, za kukhoti pazokha, ndipo afunse maofesi awiri kapena atatu asanasankhe. Za kukhotizo ndi ntchito imene consultant sangaigwire: yankho likachedwa mopyola muyeso, loya amatha kupita ku High Court kukapempha kuti aboma alamulidwe kupereka yankho, pogwiritsa ntchito lamulo la 2000 la chilungamo pa zigamulo za maofesi a boma. Khoti limalamula kuti ayankhe, nthawi zambiri silimalamula kuti avomere. Loya wabwino amakuuziratu zimenezi.

Za 1989 ndi 1990 asabise, koma asathamangirenso kusintha pasipoti payekha. Ayambe wamuonetsa loya.

Ikadzatuluka adzapatsidwa nambala ya ID ya manambala 13, ya nambala 11 imakhala 1 kusonyeza pemanenti, nzika zimakhala ndi 0. Adzakumbukire kuti akakhala kunja kwa South Africa zaka zopitirira zitatu atha kulandidwa. Ndikunena izi chifukwa ife a kumpoto tikamanga nyumba kumudzi timaiwala kubwerera.

Mayi wa ku Chintheche ali Durban:

Achemwali anga, abambowa anena zambiri koma aiwala munthu mmodzi: mlamu wanu. Fayilo imeneyi ndi ya anthu awiri. Iye ndi amene adzalembe kalata yomuikira kumbuyo mwamuna wake, kupereka kope ya ID yake ndi kulumbira kuti banja lilipo, ndipo atha kuitanidwa kukafunsidwa payekha. Setifiketi ikanakonzedwa deti, dzina lake likanakhala pomwepo, iyenso n'kulowa m'mlandu. Kodi akudziwa n'komwe za bambo wa R28,000 uja? Amuna athuwa nkhani za mapepala amakonda kubisa kunyumba chifukwa cha manyazi. Muimbireni inuyo, mayi ndi mayi mnzake. Kwa loya apite onse awiri.

Ngati ndalama zavuta, ku Johannesburg kuli a Lawyers for Human Rights, Wits Law Clinic ndi ProBono.Org. Amayamba ndi osaukitsitsa ndi othawa kwawo, ndiye munthu wa pantchito mwina sangamutengere nkhani yonse, koma kufunsa ndi ulele ndipo atha kumulozera kwa loya wa m'kaundula. Pasipoti yake ayione kuti ikutha liti. Ngati yatsala pang'ono ayambe ndi imeneyo ku Consulate ya Malawi ku Johannesburg, chifukwa pemiti saipereka yopyola tsiku lothera pasipoti.

NyaChibavi:

Amama a ku Chintheche, mlamu wanga samadziwa kanthu. Ndamuimbira usiku wathawu, anangoti kukamwa yasa, kenako ndinamva akumuitana mwamuna wake ndi mawu amene sindinawamvepo. Wati loya amufuna yekha kudzera kwa azakhali ake amene amagwira ntchito kukhoti ku Polokwane, ndipo dzina tidzaliona kaye m'kaundula muja. Fomu yowonjezera pemiti akuti aiyamba sabata ino. Pasipoti ikutha 2028.

Amalume ndawapeza pa foni ku Enukweni. Kalata ya malowolo ilipo, akuti inalembedwa pa tsamba la kope la sukulu, anthu asanu ndi mmodzi anasaina, ndipo anaisunga m'Baibulo. Loweruka ndikwera minibasi kukaijambula, pobwera ndidzera ku Ekwendeni kukatenga ID ya amayi kuti Lolemba ndikafunse ku NRB. Za puloti sindiwauza, palibenso chowauza.

A kalaliki, amalumewo maso anavuta ndipo Chingerezi sawerenga. Kalata yolumbira atha kuilankhula m'Chitumbuka wina n'kuimasulira, kapena zimayenda bwanji? Ndipo amayi akadzalumbira za chaka chobadwa, zikhale tsiku limodzi ndi amalume kapena tidikire kaye loya wa ku Joni anene?